Deolinda ndi mphodza za m'mabotolo

Tsiku limene kamiyau, lole ya anthu obwerera kwawo, inafika pa Fingoe, m'nyengo yachisanu ya 1994, aliyense anatsika atakumbatira chimene anapata ku Zambia. Wina malata awiri, wina njinga yopanda tcheni, wina nkhuku zomangidwa miyendo. Deolinda anatsika ndi mpoto. Unali mpoto wolemera, wachitsulo chotuwa, chivindikiro chake chomangira ndi tizitsulo topotokola, ndipo pamwamba pake panali kankhope konga ka wotchi, kokhala ndi singano imodzi yokha. Mwana wake wamkazi, Neide, wa zaka khumi ndi zinayi, ndiye ankalandira makatoni a mabotolo okutidwa ndi udzu, mayi ake akumuyang'anitsitsa ngati akutsitsa mazira.

"Kodi ndi bomba limenelo, mayi?" anafunsa woyendetsa kamiyau akuseka.

"Ndi panela, mphika wophikira," anatero Deolinda. Sanaseke.

Kuchoka pa Fingoe kukafika kwawo ku Katondo ndi ulendo wa theka la tsiku, kanjira kokwera ndi kutsika, ndipo masiku amenewo munthu sankayerekeza kuponda pambali chifukwa cha mabomba amene nkhondo inasiya m'nthaka. Anayenda maulendo anayi, iye ndi Neide, kuti mabotolo onse makumi asanu ndi limodzi akafike. Panjira linasweka limodzi lokha.

Ku Katondo ndiko anabadwira, ndipo ndiko anakwatiwa ndi Aniceto, munthu wofatsa wosema mitondo ndi mipini. Anabereka ana awiri, Neide ndi mlongo wake wamng'ono Eliseu. Nyumba yoyandikana nawo inali ya Baltazar ndi mkazi wake Olga. Amuna awiriwo ankaitanana kumpadre, dzina la bwenzi longa mbale, akazi awo n'kumatchedwa komadre, ankabwerekana nkhwangwa, ankamwera chikho chimodzi. Nkhondo itayandikira mu 1987, anthu atayamba kubisa chakudya kuphiri, Baltazar ndi amene anathandiza Aniceto kukumba dzenje pansi pa thanthwe, naikamo chimanga ndi mitsuko iwiri ya mphodza.

Anthu amfuti atafika m'mudzimo, Baltazar anakhala wowalondolera njira. Ambiri anachita zimenezo mfuti ili pamsana, ndipo Deolinda sanamusungire mlandu pa zimenezo. Ngakhale zoti anaulula dzenje la pansi pa thanthwe akanatha kuzimeza. Chimene chinamukhala pamtima ndi china. M'mawa umene amfutiwo anawapeza kuphiri, atafukula zonse, atamumanga Aniceto kuti awasenzere katundu, Deolinda anali atakhala pansi, Eliseu ali pamiyendo, ndipo pansi pa nsalu imene anakhalira panali kathumba ka mphodza kokwana mbale zinayi. Amfuti aja anali atatembenuka kale kuti azipita. Palibe anafunsa kanthu. Baltazar anacheuka yekha, nati, "Mayiyo wakhalira zina."

Anamukankha Deolinda ndi mfuti, kathumba kanapita. Aniceto anapita nako, atakasenza pamutu pamodzi ndi zina zonse, ndipo sanaonekenso mpaka lero.

Deolinda analowera kumpoto ndi anthu ena, kulinga ku Zambia. Anayenda masiku khumi ndi limodzi akudya masau otola pansi ndi mizu. Neide anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, anapirira. Eliseu anali ndi zitatu. Tsiku lachisanu ndi chitatu anasiya kulira, ndipo masana ake anazizira ali kumbuyo kwa mayi ake. Anamuika m'mphepete mwa kamtsinje kouma, kukumba ndi manja ndi chikuni, kusanja miyala pamwamba kuti afisi asafukule. Malire anali atatsala ulendo wa masiku atatu.

Ku Ukwimi, kumene othawa nkhondo anapatsidwa minda, anapeza kantchito kochapa ndi kusesa kwa namwino wina wachikulire wochokera kutsidya kwa nyanja, amene anthu ankangomutcha Mayi Rebeca. Mayiyu anali ndi chizolowezi cha kwawo chosunga zakudya m'mabotolo. Tsiku lina anatenga botolo limodzi, nalitsegula, nafunditsa za m'katimo, namupatsa Deolinda kuti alawe. Zinali mphodza, zofewa, za mchere wokwanira, ngati zaphulidwa m'mawa womwewo.

"Zaphikidwa liti?" anafunsa Deolinda.

"Chaka chatha, mwezi ngati uno."

Deolinda anaika sipuni pansi, natuluka, nakaima kuseri kwa khitchini. Mabotolo awiri otero, omanga m'nsalu, osasowa kusonkha moto woti amfuti aone utsi, akanamufikitsa Eliseu pamalire. Kenako anabwerera nati, "Ndiphunzitseni."

Mayi Rebeca sankanyengerera pophunzitsa. "Mango ndi matimati ungawiritse mumphika wamba, asungika," ankatero. "Koma mphodza, nyemba, nyama, ayi. Muli kachirombo kosafa ndi madzi owira. Botolo lingaoneke bwino, osanunkha n'komwe, koma banja lonse n'kutha nalo. Chimene chimakapha ndi kutentha kwa nthunzi yotsekeredwa." Zaka zisanu Deolinda anali pa mpoto umenewo, ndipo namwinoyo pobwerera kwawo anamusiyira mpoto, mabotolo, thumba la timphira toika pakamwa pa botolo, ndi kawotchi ka patebulo.

Ku Katondo anapeza nyumba yake itasanduka chulu chomera mitengo. Anapezanso Baltazar, wonenepako, ali m'malaya oyera, atakhala pansi pa mkuyu akugawa makasu ndi mbewu zimene a chithandizo anatumiza. Anamusankha chifukwa ankatha kulemba. Anthu anamuuza Deolinda kuti akuluakulu anali atasonkhanitsa kale mudzi wonse, amene anagwirapo mfuti ndi amene analondolera njira anasambitsidwa kumtsinje, ndipo anapangana kuti zakale zakwiriridwa, wozifukula ndiye mdani wa mudzi.

Itakwana nthawi yake pamzere, Baltazar anadzutsa mutu, namwetulira ngati akuona munthu amene wangochokera kumerkadu kokagula zinthu.

"Komadre! Mwabwerako? Muli angati pakhomo?"

Deolinda anamuyang'ana mpaka anthu akumbuyo anayamba kutsokomola.

"Mukufunsa ine?"

"Ndi lamulo, komadre. Ndiyenera kulemba."

"Lembani awiri."

Analemba awiri, namupatsa khasu. Pobwerera Deolinda anafunsa Neide ngati akumukumbukira bambo uja.

"Eya, amayi. Koma akuti tisamanene."

"Sitinena," anatero Deolinda. "Mlandu suola."

Anadula mitengo, anaponda dothi, namanga kanyumba pambali pa chulu chija, moyang'anana ndi khomo la Baltazar monga kale. Mvula ya chaka chimenecho inanyenga anthu. Inagwa kawiri cha ku Khirisimasi, chimanga chinamera, chinafika m'chiuno, n'kupsa chili chiimire. Deolinda anali atabwera ndi mbewu yakeyake ya mphodza, nadzala m'munda ndi m'dimba la malemu amayi ake. Mphodza sizidikira mvula yambiri, miyezi iwiri zacha. Ena amene anadzala khobwe ndi mphodza anakololako pang'ono, naika m'mitsuko ndi phulusa monga mwa kale, koma anankafumbwe a chaka chotentha sasamala phulusa. Pofika mwezi wa Setemburu m'mitsukomo munali fumbi ndi makoko okhaokha.

Deolinda sanadikire anankafumbwe. Atangopuntha ndi kupeta, anayamba. Ankaviika mphodza kuti zigone m'madzi, m'mawa n'kuziwiritsa pang'ono, n'kuzithira zotentha m'mabotolo otsukidwa ndi madzi otentha, osadzaza, kusiya mpata wa zala ziwiri, kamchere, msuzi wake pamwamba. Ankapukuta mlomo wa botolo lililonse kawiri, kuika kamphira, kuvundikira, kupana ndi tizitsulo take. Mumpoto munkalowa mabotolo asanu ndi awiri, atakhala pa kachitsulo kobookabooka, madzi ofika zala zitatu. Akamanga chivindikiro ankasiya nthunzi ituluke pakabowo, iwongoke ngati ndodo, kwa mphindi khumi, kenako n'kutseka kabowoko ndi kachitsulo kolemera. Pamenepo singano ija inkayamba kukwera. Ikafika pa chizindikiro chimene Mayi Rebeca anakanda ndi mpeni, ntchito yeniyeni inkayamba: ola limodzi ndi theka atanyonyomala pamoto, kusolola chikuni, kubwezera chikuni, diso limodzi pa singano, lina pa kawotchi. Singano ikatsika pansi pa chizindikiro ankayambiranso kuwerenga nthawi, ngakhale patatsala pang'ono kuti imalize. Nkhuni zinali zakutali ndi zoopsa kutola, Neide ankadandaula, koma mayi ake sankamva. Nthawi ikakwana ankasolola moto wonse n'kuusiya mpoto uzizire wokha. Mawa lake ankachotsa topanira tija n'kunyamula botolo lililonse pogwira chivindikiro chokha. Lokana kutseguka linkapita pathandala m'nyumba. Lotseguka ankadya tsiku lomwelo.

Mpoto umenewo unkalira. Kachitsulo kaja kankavina pakabowo, nthunzi ikuti tsiii ngati njoka yopondedwa, ndipo mudzi wonse unkamva. Baltazar, amene ankalambalala khomo la Deolinda chibwerereni, anapeza pogwira. Pamowa ankati, "Chakudya chanji chosavunda? Munaona kuti zimenezo? Mwamuna wake anapita kuti? Mwana wake anapita kuti? Mukayang'ane bwino m'mabotolomo."

Mawuwo anayenda. Azimayi anayamba kusuntha mitsuko yawo pachitsime iye akafika. Ana analetsedwa kudutsa pabwalo pake. Neide anabwera kuchokera kushikola akulira, atanenedwa kuti ndi mwana wa mfiti yodya mwana wake. Deolinda sanapite kwa akuluakulu kukadandaula. Anaona kuti mantha a anthu ndi loko wabwino: m'chaka chimene nkhuku ndi maungu zinkasowa dzuwa likuswa mtengo, pathandala pake palibe anakhudza.

Tsiku lina anapeza botolo limodzi litachita thovu, chivindikiro chitamasuka chokha. Analinyamula nayang'ana tsidya la bwalo, kumene Baltazar anakhala akusenga mpini. Anadziwa chimene sipuni ziwiri za zimenezo zingachite, ndipo anadziwa kuti mowa wa pamudzi suyang'anidwa m'chikho. Anaima nalo nthawi yaitali. Kenako anakumba dzenje lakuya kuseri, nakhuthuliramo, nakwirira, nawiritsa botololo. Sichinali chifundo. Munthu wongogwa n'kufa osadziwa chamupha, kwa iye, anali munthu wothawa mlandu.

Amene ankadya mphodza zake anali alendo okumba golide cha ku Fingoe, anthu a zinenero zosiyanasiyana, Asilamu ndi Akhristu, opanda nthawi yotola nkhuni kapena yoopa mfiti za eni dziko. Ankatenga botolo n'kubweza lopanda kanthu pamodzi ndi mchere, sopo kapena ufa. Dimba linamupatsa zokolola zachiwiri, iye n'kudzazanso. Pofika Khirisimasi ya 1995 mabotolo onse anali odzaza, ndipo analeka kusinthanitsa.

Ulendo uno mvula inabwera yambiri, yoti chimanga chinakondwa, koma inakokolola msewu ndipo kamiyau ya chithandizo inaleka kufika pa Fingoe. Chimanga chinali chobiriwira m'munda, m'nkhokwe mulibe kanthu. Anthu anadya gaga, anaphika mango aawisi, anakumba zitsa za nthochi. Baltazar, amene anazolowera kudya za pansi pa mkuyu uja ndipo sanalime kwenikweni, njala inamupeza chimanjamanja ali ndi ana anayi.

Oyamba kubwera kwa Deolinda anali azimayi omwe aja a pachitsime, mmodzimmodzi, akuyang'ana kumbali. Sanawakumbutse kanthu. Ankatsegula botolo iwo akuona, chivindikiro n'kupuma kuti psii, n'kuwiritsa ndi chisoso ndi madzi ambiri, n'kuyamba kudya iye mwini. Palibe anafa. Ufiti unatha m'masiku atatu.

Olga anabwera tsiku lina m'mawa atabereka chitsiriza wake, Serafina, wa zaka zinayi koma wooneka ngati wa ziwiri, tsitsi lofiirira, mapazi otupa. Anagwada patali, pothera bwalo.

"Komadre, sindinabwere ndi mawu. Taonani mwanayu."

Deolinda anawadziwa bwino mapazi amenewo. Analowa m'nyumba, natuluka ndi kambale, namudyetsa mwanayo ndi dzanja lake, pang'onopang'ono, ali pamiyendo ya amake. Atatha anati, "Uyu muzibwera naye m'mawa uliwonse, azidyera pano. Koma kunyumba kwanu sikupita kanthu."

"Nanga atatu enawo?"

"Ali ndi bambo awo. Bambo awo ali ndi miyendo, ankakwera nayo phiri. Abwere okha ndi mbale, masana, dzuwa lili paliwombo, anthu akuona. Aime apa. Atchule dzina la mwana wanga amene anafera panjira. Akatchula ndiwapatsa. Mawa lake abwerenso, atchulenso."

Olga anaweramitsa mutu. "Mukufuna kuwavula pagulu."

"Ine anandidzutsa pagulu pa kathumba kaja."

Baltazar anakana masiku anayi. Anatuma mwana wake wamkulu wamkazi. Deolinda anamubweza ndi mbale youma akulira, ndipo Neide sanalankhule ndi mayi ake tsiku lonse. Baltazar anatumanso Salvador, katekista wa mudziwo, munthu wabwino amene nayenso anataya abale pankhondo.

"Mayi," anatero Salvador, "madzi akatayika saoleka. Tinapangana kuti zakale zakwiriridwa. Ana aja alakwa chiyani?"

"Wanga analakwa chiyani, a katekista?"

"Kubwezera musiyireni Mulungu."

"Ndamusiyira zaka zisanu ndi zinayi. Sindinamenye munthu, sindinathirire munthu mankhwala, sindinapite kukasuma kuboma, ku administrasau. Ndikupempha dzina lokha. Pamene munkakwirira zakale kumtsinje kuja ine ndinali ku Zambia. Munakwirira zanu. Zanga sindinakwirire."

Tsiku lachisanu Baltazar anabwera. Malaya oyera aja anali atamukulira. Mbale anaibisa kumbuyo ngati wakuba, koma mudzi wonse unali utadziwa, ndipo anthu anaima m'makonde, ena kuseri kwa nkhokwe zawo zopanda kanthu. Deolinda anatuluka ndi botolo, nakhala pampando, naliika pamiyendo.

"Komadre..." anayamba Baltazar.

"Komadre wako ndani? Tchula."

Anthu anamva "wako" ameneyo, mayi kulankhula bambo wandevu ngati kamwana, ndipo wina anati "Hii!" chapansipansi. Baltazar anatsegula pakamwa. Anayang'ana pansi, anayang'ana kuphiri.

"Renato," anatero potsiriza.

"Ayi."

"Valentim?"

"Ukuombeza ula?"

"Ndaiwala, mayi. Anali wamng'ono. Ndaiwala."

Deolinda anali atakonzekera kukana kwa bamboyo, mwano, misozi, zonse. Koma izi sanaziganizireko. Zaka zonsezi iye akugona ndi kudzuka ndi nkhope ya bamboyu, mwini wakeyo sankadziwa n'komwe dzina la mwana amene ankasewera pakhomo pake, amene ankamukwera pamsana. Pakanakhala mpeni pafupi, bwenzi nkhani ino itathera kundende. Koma analankhula mofatsa.

"Pita ukafunse. Khomo ndi khomo. Anthu onsewa ankamudziwa. Ukalipeza ubwere."

Baltazar anayenda ndi mbale yake masana onsewo. Pakhomo lililonse ankayenera kufotokoza chimene akufunsa, ndipo pofotokozapo ankanena yekha nkhani imene mudzi unapangana kusanena. Ena anali ataiwaladi. Ena ankakumbuka koma anaopa, chifukwa kutchula dzina la mwanayo kunali kuvomera kuti anaona, ndipo ambiri anali paphiri paja m'mawa uja. Mkulu wina anamutsekera chitseko. Mayi wina, amene naye mwamuna wake anatengedwa tsiku lomwelo, anamuyankha kuti, "Mukamaliza la mwana wa Deolinda, mubwere mudzatchule la bambo a ana anga." Deolinda ankamuona akudutsa uku ndi uku, ndipo ankamva kukoma, kukoma kwenikweni, ngati madzi a mumtsuko pakhosi pa munthu wochokera kumunda. Sanachite nako manyazi.

Dzuwa litapendeka Baltazar anabwerera kunyumba kwake wopanda dzina, nakhala pakhonde. Olga, amene anali chete masiku onsewa, ndiye analankhula, mokweza moti Deolinda anamva ali pampando pake.

"Ndi Eliseu. Ndine ndinadula mchombo wake, m'nyumba inali apoyo, inu muli pabwalo kumwa mowa ndi bambo ake. Mwazungulira mudzi wonse, ine simunandifunse."

Baltazar anaoloka bwalo nthawi yomweyo. "Eliseu," anatero, mawu ngati a munthu wodwala chifuwa.

"Sindinamve."

"Eliseu."

"Anatani?"

"Simunanene kuti ndinenenso zimenezo."

"Ndanena tsopano."

Baltazar anayang'ana mbale yake youma. M'nyumba mwake mwana ankalira.

"Anafa ndi njala panjira."

"Chifukwa?"

"Chifukwa ndinaulula kathumba."

Deolinda anakoka kamphira, botolo linapuma, nakhuthulira theka m'mbale ija. "Mukawiritse kaye musanadye," anatero, pakuti pa zimenezi sankasewera ngakhale ndi mdani.

Baltazar anabwera masiku makumi atatu ndi anayi, mpaka maungu ndi mondokwa zitacha. Masiku oyamba anthu ankaonerera. Kenako anatopa, ndipo ena anayamba kunena kuti mayiyu wanyanya. Mvula ikagwa bamboyo ankaima pamvula. Tsiku lina anadwala malungo, Olga anabwera m'malo mwake. Deolinda anadyetsa ana onse anayi pakhonde pake, koma mbale ya bambo inabwerera youma. Salvador analengeza m'tchalitchi kuti wosakhululuka asadzalandire Ukaristia bambo padiri akadzabwera. Deolinda anangosamukira ku benchi ya kumbuyo.

"Amayi," anafunsa Neide tsiku lina akutsuka mabotolo, "kodi Eliseu akanafuna zimenezi?"

"Eliseu ankafuna chakudya," anayankha mayi ake.

Ana a Olga onse anapulumuka, ndipo Serafina mapazi anaphwa. Zokolola za 1996 zinali zoti nkhokwe zinachepa. Koma Baltazar sanathenso kukhala mu Katondo. A chithandizo atabweranso anthu anasankha wina wogawa. Akafika pamowa nkhani zinkatha. Ana akamuona ankanong'onezana kuti "Eliseu, Eliseu," ngati ndilo dzina lake. Chaka chisanathe anamanga kamtolo napita kumigodi ya golide. Olga anakana kumutsata. Mudzi unali wa amayi ake, munda unali wake.

Deolinda anamanga nyumba ya njerwa zowotcha, nafolera ndi malata, naweta mbuzi. Timphira tija titayamba kutha ankatuma wamalonda wina woyenda panjinga kupita ku Petauke ku Zambia, ndipo atalephera kutipeza anachepetsa mabotolo m'malo moika kamphira kong'aluka. Neide anakwatiwa ku Malowera. Ngakhale ankadziwa ntchito yonse ya mpoto, sanafune kutengako botolo ndi limodzi lomwe. Ankati fungo la mphodza limamukumbutsa munthu woima pamvula ndi mbale. Deolinda zinamuwawa, koma sanapepese.

Baltazar anamwalira mu 1999, dothi la mgodi litamugwera, ndipo anzake anamubweretsa pamachira ku Katondo. Mwambo wa kumeneko ngwodziwika: maliro akagwa m'mudzi khasu siligwira nthaka koma kumanda kokha, ndipo ngakhale adani amakakhala pansi pasiwa. M'mawa wa tsiku loika, anthu akusonkhana, Deolinda anatuluka atavala nsalu yake yatsopano, khasu paphewa, nadutsa pakati pa anamfedwa kupita kumunda. Analima mpaka nyimbo za kumanda zitatha.

Akuluakulu anamuitana. Anamuuza kuti wanyoza mudzi, ndipo akapanda kulipa mbuzi, tsiku lake likadzafika adzukulu sadzagwira khasu. Sanatsutse. Mawa lake anabwera akukoka chingwe, kumapeto kwake kuli tonde wokalamba, wa diso limodzi, wopanda mano, nthiti zikuonekera, amene ngakhale fisi akanamulambalala.

"Mayi, iyi ndi mbuzi?" anafunsa mmodzi wa akuluwo.

"Dikirani ilire, mumva," anatero Deolinda. "Munati mbuzi. Simunanene ya zaka zingati."

Anailandira, pakuti mawu anali awo. Adzukulu anaiphika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, nkhuni mitolo iwiri, koma nyamayo inakana, ndipo wina anasiyamo dzino. Olga, ali m'nsalu yake yakuda yaumasiye, atamva za dzinolo anagwira pakamwa kubisa kuseka, mapewa akugwedezeka, ndipo azimayi amene anakhala naye anayesa wayambanso kulira, namusisita pamsana.